Nkhata Yam'msana

Kwathu ku Chilobwe mnyamata wa zaka 19 akadandaula kuti msana ukumuwawa, anthu sathamangira kumupepesa. Amayamba aseka kaye. Akuluakulu amati msana ndi nthenda ya nkhalamba zimene zidathera mphamvu zawo kumunda, nanga iwe wadzana lomweli waudziwira kuti? Anyamata anzako nawo amatsinzinirana diso n'kukufunsa kumene udagona usiku, pakuti m'chiyankhulo chathu mawu akuti msana ali ndi ntchito inanso imene sitiitchula pagulu. N'chifukwa chake ine nditavulala mu Januwale 2023 ndidakhala masiku atatu osauza munthu, ngakhale amayi anga amene tinkagona nyumba imodzi.

Zitsulo ndidayamba kunyamula mu 2020, sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha matenda a Covid-19. Ndidali Folomu 2, wamtali koma woonda kotero kuti anzanga ankanditcha Bango. Abambo adamwalira ndili Sitandade 6, ndipo pakhomo tidatsala amayi, ine ndi alongo anga awiri aang'ono. Anthu obwera kudzapepesa maliro ankandigwira paphewa n'kumanena kuti tsopano bambo wapakhomo ndiwe. Mawu amenewo ndidawasunga. Koma ndikadziyang'ana pagalasi ndinkaona kuti phewa limene ankaligwiralo silidali la bambo wapakhomo. Choncho mnzanga wina atandiuza kuti kumtunda kwa msika kuli jimu yolipira ndalama yosakwana mtengo wa mandasi atatu patsiku, sindidafunsenso zambiri.

Mwini jimuyo tinkangomutcha Kochi. Usiku ankalondera pakhomo pa malo ena omwera mowa, mmawa n'kumatiphunzitsa ife. Jimu yake idali kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa la udzu ndi khola la nkhunda. Padalibe chitsulo ngakhale chimodzi chogula kusitolo. Zolemera zambiri zidali simenti yothira m'zitini za penti, paipi yamadzi italowetsedwa pakati simentiyo isadaume. Padalinso magiya ndi madiramu a mabuleki amene Kochi adatola m'magalaja. Benchi lidali thabwa losanjika pa njerwa. Chilichonse chidali ndi dzina lake. Chopepuka kwambiri chidali Kamwana. China chidali Apongozi, poti aliyense ankachifika mwaulemu. Ndipo pakona, pansi pa chisaka, pankagona Ng'ombe: paipi yonenepa yokhala ndi madiramu ndi magiya mbali zonse ziwiri, omangidwa ndi waya.

Panalibe amene adaikapo zitsulozi pasikelo. Kulemera kwake kunkachokera pakamwa pa Kochi. Iye ankati Ng'ombe ndi makilogalamu 150, ndipo ife tinkavomereza monga mmene ana amavomerezera nthano. Anthu atatu okha ndi amene adainyamulapo kuchoka pansi mpaka kuimirira nayo chilili, masewera amene tinkawatcha dedi. Aliyense wobwera pajimupo ankadziwa kuti tsiku lina adzayesa kukhala wachinayi.

Ndisanamize, zitsulo zidandichitira zabwino. Pofika 2022 chifuwa chidatambasuka, malaya a sukulu adayamba kuthina m'mapewa, ndipo dzina lija la Bango lidafa lokha. Nditalemba mayeso a Folomu 4 ndidapeza ganyu yotsitsa simenti pasitolo ina ya zipangizo zomangira. Thumba limodzi ndi makilogalamu 50, ndipo lole ikabwera tinkatsitsa mazana angapo anthu anayi. Ndalama ina ndinkapatsa amayi, ina ndinkasunga m'chitini cha mkaka poyembekezera kuti mwina ndisankhidwira ku yunivesite. Kanali koyamba kuti ndigule thumba la chimanga ndi ndalama yanga n'kulowa nalo m'nyumba lili paphewa. Amayi sadayankhule kanthu tsikulo, koma adandiikira ndiwo m'mbale imene ankadyera abambo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankagoma nane. Atsibweni anga akhala akunyamula katundu mumsika wa Limbe kwa zaka zoposa 20, ndipo mpaka lero ndi oonda ngati mmene ndidalili ine kale. Tsiku lina adabwera kudzaona jimu yathu. Adaima manja ali kumbuyo, n'kuyang'ana mnyamata wina akukweza Apongozi kakhumi.

"Ndiye mukachinyamula chimenechi mumapita nacho kuti?" adafunsa.

Tidawauza kuti timachibwezera pomwepo.

"Amakulipirani ndani?"

Tidati timalipira ndife. Adapukusa mutu. Pobwerera kunyumba adandiuza kuti: "Mphwanga, katundu sanyamulira patali. Umamuyandikira, n'kumufungatira ngati mwana, miyendo ndiyo idzuke naye. Ukamunyamulira patali amakudya m'chiuno." Ndidayankha kuti ndamva, koma mumtima ndinkati munthu wa manja ngati ndodo angandiphunzitse chiyani za mphamvu.

Aphunzitsi athu enieni adali pafoni. Tinkaunjikana kuonera Eddie Hall wa ku England akunyamula makilogalamu 500 mu 2016, kulemera kwa matumba khumi a chimanga, magazi n'kutuluka m'mphuno, iye n'kugwa pansi atamaliza. Ife tinkaona ulemerero wokhawokha. Kochi ankakonda kwambiri Ronnie Coleman wa ku America, amene adapambana mpikisano wa Mr. Olympia kasanu ndi katatu motsatizana kuyambira 1998 mpaka 2005. Chithunzi chake chidali chomata pakhoma la bafa. Palibe ndi mmodzi yemwe pakati pathu amene ankadziwa kuti munthu yemweyo adachitidwa maopaleshoni oposa khumi a msana, chiuno ndi khosi, ndipo kanema wa moyo wake amene adatuluka mu 2018 amamuonetsa akuyendera ndodo. Zimenezi ndidaziona ndili chigonere pamphasa.

Tsikulo lidali Loweruka. Dzulo lake ndidatsitsa simenti mpaka dzuwa kulowa, ndipo ndidadzuka thupi lili lolemera. Ndidafika kwa Kochi kusadache bwino, pansi pali chinyezi poti usiku kudagwa mvula. Mnzanga wina adabwera ndi foni yatsopano ndipo adati lero tijambule munthu wachinayi, dziko lonse limuone pa WhatsApp. Mwezi wa Disembala ndidali nditaikweza Ng'ombe mpaka m'mawondo, choncho maso onse adagwera pa ine. Sindidayambe ndi zopepuka kuti thupi litenthe. Ndidavula masilipasi, ndidamanga lamba wa Kochi wodula ku chingwe chomangira katundu palole, n'kuima kutsogolo kwa paipi.

Ndidawerama, ndidagwira, ndidakoka mpweya, n'kukoka. Mbali yakumanja idanyamuka, yakumanzere idatsalira. M'malo moisiya ndidapotokola chiuno kuti ndiilinganize, miyendo itawongoka kale, msana utapindika ngati uta. Anyamata ankakuwa kuti kweza, kweza. Paipi itafika m'mawondo ndidamva kuti tswa m'munsi mwa msana, monga imachitira nthambi yaiwisi ikathyoka koma osaduka. Poyamba sikudali kuwawa kwenikweni. Kudali kutentha, ngati wina wandithira madzi ofunda m'kati mwa chiuno. Ndidaitaya Ng'ombe pansi, ndidaseka, n'kunena kuti manja aterera ndi chinyezi. Kanema wake ulipo, ndi wa masekondi 14. Ndauonera kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndimaona malo enieni pamene ndikadasiya.

Lamulungu mmawa ndidalephera kudzuka pamphasa. Ndidachita kugubuduka chammbali, kukwawa mpaka pakhoma, n'kudzuka pang'onopang'ono nditagwira chitseko. Ululu sudalinso pamsana pokha. Udatsika thako lakumanzere, kuseri kwa ntchafu, m'mbali mwa mwendo, mpaka chala chachikulu chakuphazi chimene chidachita dzanzi. Ndikatsokomola kapena kuyetsemula zinkakhala ngati wina wakoka waya wamoto kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi. Chovuta kuposa zonse chidali chimbudzi. Chathu n'chokumba, chofuna kunyonyomala, ndipo ndinkatulukamo thukuta lili kamukamu. Amayi ndidawauza kuti ndi malungo. Ndidatuma mlongo wanga kukagula mapiritsi a Brufen paokala, ndipo ndinkangomwa osadya kanthu mpaka chilungulira chidandigwira. Pambuyo pake ndidamva kuti mankhwala a mtundu umenewu amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba ukamawamwa choncho.

Chidandiulula ndi supuni. Tsiku lachitatu tikumwa phala, supuni yanga idagwa pansi. Ndidaiyang'ana. Amayi nawo adaiyang'ana, kenaka adayang'ana ine.

"Malungo ake ndi ati oletsa munthu kutola supuni?" adafunsa.

Ndidawafotokozera zonse. Sadakalipe. Adangoti, "Atsibweni ako adanena," n'kupita kukatereka madzi.

Sabata yotsatirayo aliyense adasanduka dokotala. Amayi ankandithowa ndi kansalu ka madzi otentha mmawa ndi madzulo, ndipo kunena zoona zinkandipatsako mpumulo. Mayi woyandikana nafe adati mlongo wanga wamng'ono andiponde pamsana kuti fupa libwerere m'malo. Tidayesa kamodzi, ndipo kukuwa kwanga kudamveka kumsewu. Kochi adabwera kudzandizonda n'kunena kuti ululu wa chitsulo umachoka ndi chitsulo, ndibwerere msanga. Agogo ku Thyolo adatumiza uthenga woti ndipite akanditemere mphini. Ine ndidasankha kugona. Ndidagona sabata yathunthu osatuluka panja, ndipo m'malo mochira thupi lidauma ngati thabwa.

Kuchipatala tidapita sabata yachiwiri, paminibasi imene ndinkamva dzenje lililonse la mumsewu. Adokotala adandigoneka chagada n'kukweza mwendo wakumanzere uli wowongoka. Usadafike patali, waya uja udakoka. Adandiuza kuti ndiyende ndi zidendene, kenaka ndi zala, ndiponso kuti ndikankhe chala chawo ndi chala changa chachikulu chakuphazi. Chakumanzere chidali chofooka. Atatero adayamba mafunso amene adandichititsa manyazi pamaso pa amayi. Kodi mkodzo ukutuluka bwino? Kodi chimbudzi sichikungotuluka chokha? Kodi pakati pa miyendo, malo amene amakhudza chishalo cha njinga, sipadachite dzanzi? Ndidayankha ndikuyang'ana pansi kuti zonse zili bwino. Iwo adati ndikadzangoona chimodzi mwa zimenezi, kapena miyendo ikadzayamba kufooka, ndidzabwere tsiku lomwelo ngakhale pakati pa usiku, chifukwa zimatanthauza kuti mitsempha yonse yakumunsi kwa msana yapanikizika, ndipo opaleshoni ikachedwa munthu amalumala mpaka kalekale.

Amayi adaumirira kuti andijambule. Chithunzi cha X-ray chitatuluka, adokotala adati mafupa onse ali bwinobwino. Ndinkayembekezera kuti amayi asangalala, koma nkhope yawo idagwa. Tili panja adandinong'oneza kuti: "Ngati makina sakuona kanthu koma iwe ukulephera kuyenda, ndiye kuti ndi zaanthu zimenezi." Adayamba kuwerenga anthu amene sadakondwe nditayamba kubweretsa chimanga pakhomo. Chidawonjezera nkhawa yawo ndi mawu amene adokotala adanena, akuti mtsempha wapanikizika.

Pano ndiime pang'ono, poti ndine wophunzira chiyankhulo. M'Chichewa mawu akuti mtsempha amanyamula katundu wambiri. Njira imene mumayenda magazi ndi mtsempha. Ulusi woyera umene umanyamula uthenga kuchoka ku ubongo kupita kuphazi ndi mtsempha. Chingwe cholimba chakuchidendene, chimene timavutika nacho kutafuna pa nyama ya ng'ombe, ena amachitchanso mtsempha. Adokotala ankanena za wachiwiriwo. Amayi adamva woyambawo, ndipo maganizo awo adayenda molongosoka ndithu: ngati mtsempha wapanikizika ndiye kuti magazi aima, magazi oima ndi oipa, ndipo magazi oipa amatuluka ndi mphini. Sikudali kusadziwa ayi. Adangotsatira mawu kumene mawuwo adawatengera. Zidatenga munthu wina wodziwa kuyankhula kuti awabweze.

Munthuyo adali mayi wa mafizo amene adatitumizako. Atamva kuti amayi amagulitsa tomato, adawafunsa chimene amaika pamutu asadasenze dengu. Amayi adati nkhata. Mayiyo adatulutsa chidole cha mafupa a msana n'kutionetsa mafupa asanu akuluakulu akumunsi, amene madokotala amawatcha L1 mpaka L5. Adati pakati pa fupa ndi fupa Mulungu adaikapo nkhata. Kunja kwake ndi kolimba, kozungulira mizeremizere ngati nkhata ya nsalu yopota bwino, koma pakati pake pali zofewa ngati therere. Munthu akawerama, mafupa amatsina nkhatayo kutsogolo ndipo therere limathawira kumbuyo. Akawerama atanyamula cholemera, n'kupotokolanso chiuno, mizere yakumbuyo imatha kung'ambika, therere n'kutulukira. Tsoka lake n'lakuti kumbuyo komweko ndi kumene kumadutsa mitsempha ya uthenga yopita kumwendo. N'chifukwa chake bala lili m'chiuno koma kulira kukumveka kuchala. X-ray imaona mafupa, siona nkhata. Amayi adagwira chidolecho, adachipinda, adachiwongola, ndipo nkhani ya mphini idathera pomwepo.

Malinga ndi chala chimene chidafooka, mayiyo adati nkhata yovulala iyenera kukhala ya pakati pa L4 ndi L5. Nkhata ziwiri zakumunsi kwenikweni ndi zimene zimavulala kawirikawiri poti ndizo zimasenza thupi lonse. Nditafunsa za makina a MRI amene amaona nkhata, adandiuza kuti ndisagulitse mbuzi za agogo chifukwa cha chithunzi, pakuti chithandizo sichisintha pokhapokha zinthu zitayamba kuipiraipira. Pambuyo pake ndidawerenga kuti mu 1994 madokotala a ku America adajambula ndi MRI anthu 98 amene sankamva msana n'komwe, ndipo oposa theka adapezeka ndi nkhata yotupira kunja. Chithunzi pachokha sichinena amene akumva ululu.

Ndidawerenganso zina zimene zidandipweteka mtima chifukwa zidali mawu a atsibweni ovala jekete. Mu 1999 akatswiri a ku Germany motsogozedwa ndi Hans-Joachim Wilke adalowetsa kachipangizo koyezera m'nkhata ya pakati pa L4 ndi L5 ya munthu wamoyo. Adapeza kuti munthuyo akanyamula makilogalamu 20 atawerama, msana uli wopindika, nkhata inkapanikizika kuposa kanayi poyerekeza ndi pamene wangoima. Akagwira katundu yemweyo pafupi ndi thupi, kupanikizika kunkachepa kwambiri kusiyana ndi pamene wamugwirira masentimita 60 kutsogolo. Ndidamvanso kuti usiku nkhata zimamwa madzi n'kufufuma, kotero kuti munthu amakhala wamtaliko pang'ono mmawa kusiyana ndi madzulo, ndipo kuwerama ndi cholemera utangodzuka kumazikoka kwambiri. Zitsulo za mpikisano zimakhala ndi mawilo a masentimita 45 kuti paipi ikhale pamwambako. Madiramu a Ng'ombe adali aang'ono, ndiye tinkachita kuitola pansi penipeni. Mmawa uja ndidasonkhanitsa zolakwa zonse pamalo amodzi.

Mayi wa mafizo adandiletsa kugona tsiku lonse. Adati ndiziyenda pang'onopang'ono kangapo patsiku, ndisamakhalitse pampando, ndipo adandipatsa masewera amene poyamba ndidawanyoza: kugona chafufumimba n'kudzutsa chifuwa, kugona chagada n'kukweza chiuno, kugwada ngati mwana wokwawa n'kutambasula dzanja limodzi ndi mwendo wa mbali inayo. Munthu amene ankalimbana ndi Ng'ombe tsopano ankatuluka thukuta pokweza mwendo wake womwe. Adanditsimikizira kuti anthu ambiri amayamba kupeza bwino pakatha masabata 6 mpaka 12 popanda opaleshoni, ndipo nthawi zambiri thupi limayamwa lokha therere lotulukalo. Koma ganyu idatha. Chitini cha mkaka chidayamba kupepuka. Ndinkakhala pakhonde n'kumaona mlongo wanga wa zaka 14 akusenza chimanga kupita kuchigayo, ndowa yamadzi ikudikira kuti akabwera akatunge.

Kenaka kudabwera namondwe wa Freddy. Pofika Lolemba pa 13 Malichi 2023, mvula itagwa masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba za kumtunda kwathu, anthu ali momwemo. Nyumba yathu idapulumuka poti ili kumunsi ndiponso pambali pa njira imene madzi adadzera. Kutacha aliyense wamwamuna adathamangira kumtunda ndi khasu, fosholo, chikwanje, ena manja okha. Inenso ndidapita. Apa n'kuti patatha masabata asanu ndi awiri chivulalire, ndikuyenda bwino ndithu, ndipo pondiona palibe akadadziwa kuti ndili ndi vuto.

Anyamata onse a kwa Kochi adali komweko. Kochi adamasula madiramu a Ng'ombe n'kutenga paipi yake kukatembenuzira miyala. Ankanyamula ovulala pa zitseko, ndipo amene adapezeka atatisiya kale ankawakulunga m'zitenje ndi m'mabulangete. Pamalo ena padali mtengo wadenga umene udapinga pomwe anthu ankakumba. Adaitana amuna asanu ndi mmodzi, ine ndidagwira nawo. Tisadaukweze n'komwe waya uja udakoka mpaka kuchala, ndipo ndidausiya. Bambo wina wachikulire, wochepa thupi kuposa ine, adandikankhira pambali n'kugwira pamalo pangapo. Sadandinyoze. Adalibe nthawi yoti anyoze munthu.

Madzulo ake akuluakulu a m'dera adandipatsa kope ndi bolopeni kuti ndizilemba maina a anthu amene ankafika pasukulu ina ya pulayimale pomwe opulumuka ankasonkhana. Ndidagwira ntchito imeneyo masiku asanu ndi limodzi, nthawi zambiri chiimire poti kukhala pansi kunkandipweteka. Anthu ankabwera kudzafunsa ngati dzina la mwana wawo kapena la mkazi wawo lili m'kopemo, ndipo ndinkayendetsa chala tsamba ndi tsamba iwo akuyang'ana chala changacho. Tsiku lachiwiri mayi wina amene adataya ana awiri adandiyang'ana kuyambira kumapewa mpaka kumanja n'kunena kuti: "Achimwene, chifuwa chonsechi mwaimirira ndi bolopeni? Anzanu akukumba kumtunda." Ndidatsekula pakamwa kuti ndifotokoze za nkhata ndi mitsempha, koma ndidaona kuti pamalo pamenepo mawu amenewo sakadamveka. Ndidangoti pepani mayi.

Mawu a mayiyo adandikhala kuposa ululu wa mwendo. Zaka zitatu ndidamanga thupi kuti ndidzakhale munthu wodalirika tsiku la mavuto, ndipo tsikulo litafika thupilo lidali litathera pa masekondi 14 a pafoni. Nditabwerera kwa mayi wa mafizo ndidawafunsa ngati ndikadatha kuukweza mtengo uja. Adati kuusiya kudali kwanzeru pa nthawi imeneyo, koma adaonjeza kuti ndisamale, chifukwa anthu ambiri bala likapola amatsala ndi mantha, ndipo mantha amaumitsa msana kuposa bala. Adati msana si dzira. Adatenga mpini wa tsache, adauika kumbuyo kwanga kuti ukhudze mutu, pakati pa mapewa ndi m'chiuno, n'kundiphunzitsa kuwerama pokankhira matako kumbuyo popanda mpiniwo kuchoka pamalo atatuwo. Ndidayamba ndi ndowa yopanda kanthu, kenaka ya theka, kenaka yodzaza.

Mu Ogasiti chaka chomwecho ndidapita kwa Kochi ndi wilibala yobwereka. Ndidamupempha kuti tikayeze Ng'ombe. Adakana kawiri, kachitatu adalola. Tidaimasula n'kupita nayo zidutswazidutswa kwa bambo wina wogulitsa chimanga amene ali ndi sikelo yopachika. Paipi idalemera makilogalamu 13. Zakumanja zidakwana 54. Zakumanzere zidakwana 61. Zonse pamodzi 128, ndipo mbali imodzi inkaposa inzake ndi makilogalamu 7. Kochi adayang'ana sikeloyo nthawi yaitali, kenaka adati sikelo za ogulitsa chimanga zimaba. Ndidamukumbutsa kuti sikelo ya wogulitsa ikamaba imawonjezera, siichepetsa. Sadayankhe. Koma sabata yotsatira ndidapeza chitsulo chilichonse pajimupo chitalembedwa nambala ndi penti yoyera, ndipo Ng'ombe itakhazikidwa pa njerwa ziwiri.

Sindimuda Kochi. Adatiphunzitsa zimene iyenso adaphunzira kwa ena kuseri kwa nyumba ina, ndipo masiku aja a matope adagwira ntchito ya amuna atatu. Zitsulo nazonso sindizida. Bungwe la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse ankavutika ndi msana wakumunsi, ndipo ambiri mwa iwo sadakhudzepo chitsulo chajimu. Ena ndi alimi, ena ndi oyendetsa galimoto, ena amangokhala pampando muofesi. Chimene chimandikwiyitsa ndikakumbukira ndi mkuwo uja wakuti kweza, kweza, umene inenso ndidakuwirapo anzanga kambirimbiri ndikuona ndi maso anga kuti msana wawo wapindika. Pajimu pathu munthu wotaya chitsulo pansi ankasekedwa sabata yonse. Amene adavulala ndisadavulale ine ankangosowa, ife n'kumati adatopa nazo. Nditayamba kufunsa ndidapeza awiri. Mmodzi adasiya ntchito ya kabaza chifukwa sangakhale pachishalo ola lathunthu.

Lero ndili ku yunivesite, ndipo m'kalasi ndimakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo, kuti mwendo ukayamba kuyankhula ndiimirire osasokoneza anzanga. Aphunzitsi ena poyamba ankaganiza kuti ndikufuna kufunsa funso. Chala chachikulu chija mphamvu zidabwerera, koma pamwamba pake padatsala kadzanzi kamene ndimakamva ndikavala nsapato yothina. Ndimanyamulabe zitsulo kawiri pasabata, madzulo, zolemera zimene ndikuzidziwa nambala yake.

Patchuthi chapitachi amayi adagula thumba la chimanga ku Limbe, ndipo atsibweni adabwera nalo paminibasi mpaka pasiteji. Ndidapita kukawachingamira ndi wilibala. Kondakitala adaligwetsa pansi m'mbali mwa msewu n'kupita. Atsibweni adaima manja ali kumbuyo monga adaimira tsiku lija kwa Kochi, osaligwira. Ndidaliyandikira mpaka lidakhudza miyendo, ndidaliimika, ndidanyonyomala, ndidalifungatira, n'kudzuka nalo. Nditaliika muwilibala adayang'ana kumbali ngati sadaone kanthu, kenaka adagwira zogwirira.

"Kumtundaku ndikankha ndine," adatero. "Iwe tenga jumbo ya tomatoyo."